Njinga Inatsala Pansi pa Masitepe

14 Julaye

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, ndikudya, ndikugona. Sopo munatumiza uja ndinalandira, zikomo kwambiri.

Munafunsa za mayeso a sayansi, aja ndinakuuzani kuti popanda iwo kukoleji kulibe. Analembedwa Lachiwiri, m'chipinda cham'mwamba chija. Mukudziwa kuti zaka zonsezi ondikweza masitepe ndi anyamata awiri anzanga, Wamtali ndi Kaphokoso. Amanyamula njinga yanga ya olumala ine ndili momwemo, Kaphokoso akudandaula kuti ndanenepa ngati mwana wa abwana.

Tsikulo kunabwera oyang'anira mayeso achilendo. Anayamba alowetsa anyamata onse, kuwasecha m'matumba, n'kulamula kuti wakhala pansi asadzukenso. Wamtali akuti anakweza dzanja kuti anene za ine, anamuuza kuti mafunso pambuyo. Ine ndinali pansi pa masitepe, cholembera m'manja, kudikira. Atsikana anandidutsa akuthamanga, aliyense akuti, "Akubwera, usadandaule."

Belu litalira ndinatsika panjinga n'kuyamba kukwera ndi manja, monga ndinkachitira kwathu ndili mwana. Masitepewo ndi ambiri, achimwene, munthu sudziwa ukamanyamulidwa. Nditafika ndinagogoda m'munsi mwa chitseko. Anatsegula mayi wina waulemu wake, anayang'ana kutsogolo, kenako pansi. Anati, "Pepa mwanawe, nthawi yolowera yatha. Bwanji sunanene?" Ndinati zikomo, iwo n'kutseka pang'onopang'ono kuti asandipane zala.

Sindinalire, ndipo mpaka lero sindikumva kalikonse mumtima. Aphunzitsi aakulu akuti ziwoneka chaka chamawa. Wamtali sakundiyang'ana kumaso, Kaphokoso wasiya nthabwala, ndiye ine ndi amene ndikuwapepesa.

Mukapeza mpata munditumizire siketi ina, iyi yatha m'mawondo. Zinazi musawauze kaye amayi, mukudziwa za mtima wawo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo akubwera posachedwa. Moni wapadera kwa abambo. Anatha Loweruka lonse akupenta njinga ija kuti ndikalowe nayo m'mayeso ikuwala, ndipo ndikudziwa kuti afunsa. Muwauze zoona, kuti penti yawo sinakandike ngakhale pang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira