Mchenga pansi pa chitenje cha Stelia

Aphungu,

Ndine gogo wa ku Chiosya. Mdzukulu wanga Stelia ndinamulera ndekha amake atamwalira mu 1998. Anapita ataonda ngati phesi, ndipo zomwe anthu ankanong'onezana pamaliro aja mukuzidziwa kale.

Stelia anakula ndi thupi, akamayenda nthaka imadziwa. Chaka chatha kunabwera anthu a kafukufuku ndi sikelo, tepi ya atelala ndi makina ofinya mkono. Mafunso ndiye osatha: mchere mumathira wochuluka bwanji, mumayenda mtunda wotani, kodi mumasangalala? Ine ndinati, "Mwana wanga, wabwera pa galimoto kudzandifunsa ngati ndikusangalala? Ndisiyire galimotoyo uone."

Anapeza kuti Stelia magazi ake akuthamanga kwambiri, ndiye anamulemba m'gulu la ochepetsa thupi. Mwezi uliwonse amawayeza pakhonde la sukulu, ndipo namwino wawo Imelda amatchula makilo mokweza kuti mnzake alembe. Stelia anayamba ndi 94, kenako 91, kenako 88. Akafukufukuwo m'manja phuphuphu! Koma amayi odikira pamzere ali ndi makutu. Kuchigayo kunamveka kuti, "Wauyamba ulendo wa amake." Mandasi ake anthu anasiya kugula. Mwamuna wake Mateyo anamufunsa, "Iwe, pali chomwe ukundibisira?"

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Ine ndinakhala tenanti pa esiteti ya fodya zaka zambiri, kulemeretsa belo sindifunsa munthu. Ndinasoka timatumba tiwiri, ndi kuthiramo mchenga wonyowa, ndi kumumanga m'ntchafu, m'munsi mwa pomwe tepi imadutsa, pamwamba zitenje ziwiri. Mwana anakana mpaka kulira, koma pakamwa panga palibe anapambanapo. Sikelo inati 91. Amiseche ziii. Ndinamuuzanso kuti asiye zosala chakudyazo, adye ngati kale.

Aphungu, wakhala akudya miyezi inayi tsopano, koma thupi silikubwerera. Ndinayamba ndi mbale imodzi ya mchenga, lero ndikuthira zitatu kuti sikelo ifike pomwe paja. Madzi amamwa ngati ng'ombe, ndipo sabata yatha anagwa pamjigo ndi chizungulire. Imelda anadabwa, "Tepi ikuti mwaonda, sikelo ikuti ayi. Kaya sikelo yathuyi yafa?" Ine ndinangoyang'ana kuchitsime ngati sindinamve.

Ndikuopa. Ndikaulula, mudzi wonse udziwa ndipo Mateyo apita. Ndikakhala chete, ndiika m'manda wachiwiri. Kuyeza kwina kuli Lachinayi likudzali. Ndichite chiyani?

E.M., Chiosya, Mchinji

Agogo E.M.,

Mantha anu ndawamva, ndipo sindikukusekani. Munaikapo mwana, simukufuna kuikanso mdzukulu. Koma ndinene mosabisa: anthu okhawo amene akanaona msanga kuti Stelia akudwala ndi omwe mwawaphimba m'maso. Namwino akuganiza kuti yafa ndi sikelo, pamene yemwe akutha ndi mdzukulu wanu.

Lachinayi ndi kutali. Mukangowerenga izi, tengani Stelia mupite naye kuchipatala cha ku Boma, atavala chitenje chimodzi. Tengani khadi lake la kafukufuku, mukauze dokotala kuti makilo a miyezi inayi yomalizayo ndi abodza, ndipo mukanene chifukwa chake. Akakukalipirani, pirirani. Inunso mwakalipira anthu ambiri.

Ine sindine dokotala, koma munthu woonda pamene akudya bwino, waludzu losatha ndi chizungulire, ayenera kuyezedwa shuga tsiku lomwelo. Mwina ndi shuga, mwina chifuwa chachikulu, mwina ndi chomwe mukuchiopacho. Ayezetse zonse. Lero si 1998: kachirombo kali ndi mankhwala otalikitsa moyo, ndipo owamwa akulima minda yawo. Dokotala auzidwenso za mapiritsi aliwonse amene Stelia akumwa.

Za Mateyo, musamuyankhire. Stelia ndi mayi wapabanja pake, amuuze yekha mwamuna wake ndi kumupempha kuti akayezetse limodzi. Mwamuna wofunsa kuti "ukundibisira chiyani" nthawi zambiri nayenso ali ndi mantha ake. Akathawa, athawe, koma asiye mkazi wamoyo.

Kenako mukamuone Imelda pambali, mumuuze zonse. Makilo abodza aja akusokoneza zomwe akafukufukuwo akufuna kuphunzira zothandiza amayi ena a matenda ngati a Stelia, choncho awafufute. Mumuuzenso kuti kutchula kulemera kwa munthu pagulu ndi kulakwa kwawo, osati kwanu. Stelia ali ndi ufulu woyezedwa m'chipinda, ngakhale wotuluka m'kafukufukumo ngati safuna. Pakamwa panu pakuthwapo pagwire ntchito pamenepo, chifukwa ndikukayika ngati ndi Stelia yekha amene akuvutika pamzere uja.

Chenjezo langa ndi ili: wina akakunong'onezani za mapiritsi onenepetsa a kumalire kapena zitsamba zobwezera thupi, mukane. Zimenezo zimangobisa matenda mpaka tsiku lomwe dokotala amati mwachedwa. Ndipo mukakatha kumuuza dokotala za mchenga uja, inu mukakhale pabenchi panja, Stelia atsale m'katimo. Mulekeni anene yekha pomwe pakumupweteka.

Aphungu