Utsi wa apongozi anga uli pachithunzi

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye wa ku Chifunga kuno ku Neno. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mundikhululukire ngati kalatayi yapotoka.

Chimwalirire bambo akunyumba, m'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndimakhala pakhonde n'kujambula phiri limene layang'anizana ndi nyumba yathu. Penti ndilibe. Ndimatenga zomwe timazirira nyumba: katondo, mtsiro, phulusa losefa ndi makala opera. Ndimasakaniza ndi kaphala ka ufa wa chinangwa kuti zigwire pa katoni, kenako ndimapaka ndi nthenga ya nkhuku. Anzanga amandiseka, ati phiri lomwelomwelo tsiku ndi tsiku. Komatu Aphungu, phiri silikhala lomwelomwelo. Lero lafunda nkhungu, mawa lapsa ndi moto wolusa, mvula ikangogwa labiriwiranso ngati silinapsepo. Nditaona zimenezi mtima wanga unayamba kuvomera kuti nanenso sindidzalira mpaka kalekale.

Vuto langa ndi loti chimene ndaona ndimachijambula chonse, osasiyako. Mitengo ya tsanya itayamba kutha, ndinajambula zitsa. Utsi utafuka kuseri kwa mlambe wopendekeka, ndinajambula utsi. Utsiwo ndi wa uvuni wa makala wa apongozi anga a Laimoni, amuna a mwana wanga Eliza, amene ali pachikamwini pakhomo pathu pano.

Makatoni amandipatsa ndi a Ruweida, eni golosale ina pa Zalewa. Chithunzi chautsichi anachikonda n'kuchipachika m'golosalemo, ine n'kusangalala. Tsiku lina a Laimoni atalowamo kukagula sopo, kondakitala wa minibasi anachiloza n'kufuula kuti, "Aa, si uvuni wanu uwu, achimwene? Eti apongozi anu akukolekani pakhoma! Tsopano a zankhalango safunanso wowalondolera njira!" Anthu anafa nacho chiseko.

Paja ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso, choncho mawu anabwera ndi Eliza. Anati, "Amayi, akuti mwawapereka. Akuti ngati sakufunidwa pakhomo pano munene, atenge njinga yawo azipita kwawo. Nanga ana awa ndiziwadyetsa zithunzi zanuzo?"

Aphungu, sindinalinge zimenezo. Makala amene ndimapera ndi ochokera mu uvuni womwewo, ndipo mchere wa pakhomo pano ukuchokeranso momwemo. Ndayesa kujambula phirilo lili ndi mitengo yake yakale kuti apongozi mtima ugwe pansi, koma dzanja likukana, zikutuluka ngati za pakalendala.

China ndi ichi. Chifukwa choyang'anitsitsa, ndaona kuti zitsa zambiri sizinafe. Zikuphukira timasamba tofiirira, kungoti mbuzi zikumadya. Sindinauze aliyense, ndikuopa kuti aziti ndayambanso.

Kodi ndifafanize utsiwo, kapena ndisiyiretu kujambula kuti banja la mwana wanga lisathe?

C. G., Chifunga, Neno


Mayi C. G.,

Kujambula musasiye, utsi musafafanize, ndipo mitengo yabodza musaikemo. Maso anu sanalakwe. Chinalakwika ndi khoma limene chithunzicho chinakapachikidwa.

Mawa lomwe pitani pa Zalewa mukachitenge. A Ruweida muwafotokozere bwinobwino, muwasiyire china, cha nkhungu kapena cha dzinja. Munthu amene amakusungirani makatoni sangakane.

Mukabwerako, pepesani. Musamutume Eliza, mwanayo ali kale pakati pa inu awiri ndipo watopa. Itanani ankhoswe, akanene mawu anu momveka: simunafune kuwachititsa manyazi, chithunzi chatsika, ndipo pakhomopo akufunidwa. Mwamuna wa pachikamwini akasekedwa pagulu, chimene amafuna kumva ndi chomalizachi. Nkhani ya mitengo musaiphatikizepo tsiku limenelo.

Mitima ikazizira, apo ndiye mutchule za zitsa, koma mopempha osati molalikira. Palibe amene amadziwa pamene pali chitsa chilichonse m'phirimo kuposa amene anadula. Apempheni a Laimoni akuthandizeni kutchingira zingapo ndi minga kuti mbuzi zisafike, ndi kupatulira mphukira kuti patsale zamphamvu. Alangizi a zaulimi a kwanuko angakuonetseni kachitidwe kake. Akakana ulendo woyamba, yambani nokha ndi Eliza pa zitsa zapafupi. Amuna ambiri sapirira kuona akazi akugwira molakwitsa ntchito imene iwo amaidziwa.

Musayembekeze kuti uvuni uzima mawa, chifukwa ana akudyera pomwepo. Koma mantha amene apongozi anu ali nawo ndi enieni: ntchito yamakala yobisalira ikhoza kuwagwetsa m'mavuto ngakhale inu mutataya nthenga zanu zonse. Zimenezo akambirane ndi Eliza ngati banja, ayambe kufunafuna china chodalira.

Chenjezo langa ndi ili. Zithunzi zoonetsa malo a munthu, munda wake kapena ntchito yake zizikhala m'nyumba mpaka mwini wake atavomera. Ndipo tsiku limene a Laimoni adzaime chapatali n'kumasuzumira katoni yanu, musadzaibise, musadzanenenso kanthu. Mudzangoipendeketsa pang'ono kuti aone bwino.

Aphungu