Usipa pa bwalo la ndege

Lolemba, 6 Okutobala
Ganyu yatsopano. Kutchetcha udzu pa bwalo la ndege la asilikali. Chikwakwa chobuntha, dzuwa la Mangochi pamutu. Naima, bwenzi langa, ndamuuza kuti ndalowa usilikali wa m'mwamba. Ndimati aseka. Wakhulupirira. Ndayamba kuopa.

Lachitatu, 8 Okutobala
A Sajeni Simioni atiphunzitsa mbiri ya bwaloli. Akuti linalambulidwa ine ndisanabadwe. Ntchito yake kulondera malire, kupulumutsa anthu madzi akasefukira, kunyamula odwala. Ndinakweza mkono ngati ndili Sitandade 6, ndinati bwana, nanga ndegeyo ili kuti? Akuti, "Iwe Shafi, ndege sigona m'khola ngati mbuzi." Ndiye imagona kuti? Masiku atatu ndaona akhwangwala okhaokha. Udzu tikutchetchera ndani?

Lachisanu, 10 Okutobala
Pochoka ku mzikiti, ku mapemphero a Juma, ndakumana ndi amayi ake a Naima. Mathandala awo oyanikira nsomba adzaza, usipa ukuwola. Ine, mkamwini wa mawa, ndati amayi musadandaule. Pakati pa bwalo pali simenti yozungulira, yoyera, yotentha bwino, yongokhala, mukayanike pamenepo. Waya wa mpanda ndi wong'ambika kumene zimalowera mbuzi. Andidalitsa mpaka kawiri.

Lachiwiri, 14 Okutobala
Helikopita. Ilipodi.
Wallahi, usipa unauluka ndegeyo isanatere. Ndowa zisanu zonse m'mwamba. Amayi ake a Naima ndi anzawo akuthamangira pa simenti, akukupiza zitenje, akutola. Ndege inazungulira katatu, malo oterapo palibe. Ambulansi itaima pageti, m'kati mayi wa ku Chowe akudikira ndegeyo, mwana wakanika kubadwa.
Ndinaseka kaye. Kenako ndinamva mayi uja akubuula.

Lachitatu, 15 Okutobala
Sanandichotse ntchito. Sindikumvetsa. A Sajeni angoti, "Unafunsa kuti ndege ili kuti. Waiona?" Kenako andipatsa tsache. Tsiku lonse kusesa mitu ya usipa. Amayi ake a Naima akuti msilikali wanji wogwira tsache, pakhomo pawo ndisapondenso.

Lachisanu, 17 Okutobala
Naima wabwera pawaya. Ndinakonzeratu nthabwala ziwiri. Za usipa sanafunse, za bodza langa sanafunse. Akuti, "Mayi uja ali moyo?" Ndati sindikudziwa. Akuti ukadziwa undipeze, usanadziwe usabwere.
Ofesi ya a Sajeni ili apo, chitseko chotsegula. Kawiri konse ndafika pakhonde n'kubwerera. Akati ali moyo, chabwino. Nanga akati ayi?