Mtsinje Umene Bambo Sanauone

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula Bambo, amene miyendo yawakana. Munthu amene anayenda wapansi zaka makumi atatu akujambula mapu a dziko lino, lero ulendo wochoka pabedi kukafika pakhonde amachita kuukonzekera dzulo lake. Adokotala akuti mtima watopa. Masiku sanatchule, koma anayang'ana pansi nthawi yaitali.

Ndikudziwa kuti mwayamba kale kupinda kalatayi. Munanena Amayi atamwalira kuti simungadwazike munthu amene ankadziwa kutalika kwa phiri lililonse koma osadziwa kalasi imene mwana wake ali. Sindikutsutsani. Ingowerengani mpaka kumapeto, kenako muyatsire mbaula.

Ku yunivesite anandipatsa ntchito yokonzanso mapu a Bambo powayerekeza ndi zithunzi zojambulidwa kumwamba. Anzanga anati palibe angapeze zolakwa za mkuluyu kuposa mwana wake, poti anayamba kuzisonkhanitsa ali wamng'ono.

Miyezi inayi sindinapeze kanthu. Kachigwa kalikonse kali pomwe anakaika. Zinandibowa ndithu. Kenako ndinafika pa mtsinje wakumpoto uja, umene unawapatsa mendulo ili pakhoma pabalaza. Pa mapu ukuyenda mowongoka makilomita makumi anayi. Pa chithunzi ukudzandira ngati chidakwa.

Ndinatsegula bokosi la makope awo. Mukuwakumbukira, onunkha utsi, odzaza matope ndi udzudzu wophwanyika. Koma pakati pa kope la chaka chimenecho pali masamba khumi ndi awiri oyera mbee, zilembo zake zokongola ngati za aphunzitsi. Munthu salemba choncho kope lili pabondo, mvula ikugwa.

Ndinawafunsa ndikuwameta ndevu, poti pamenepo munthu sathawa. Anati lamulo la ntchito yawo linali limodzi: chimene waona ndi maso umalemba mzere wathunthu, chimene wangomva umaika timadontho. Anati analiswa kamodzi kokha. Uthenga unawapeza kumsasa woti Amayi ali m'chipatala, mwana wakhala mopingasa, ndipo anamwino sakulonjeza chilichonse. Abwana anawakaniza tchuthi. Bambo anauza anzawo kuti atsata mtsinjewo okha, anabisa zida zoyezera m'phanga, n'kuyenda masiku atatu kukafika pamsewu. Masamba oyera aja anawalembera pabenchi ya chipatala, tsamba limodzi tsiku lililonse. Mzere wowongokawo anaujambula ndi rula, akudikira kuti mulire.

Madeti ndawaona, Achemwali. Ndi sabata imene munabadwa.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanakuuzireni. Anati poyamba ankaopa kuchotsedwa ntchito, ndipo mendulo itabwera manyazi anawatseka pakamwa. Anatinso masiku khumi ndi awiri sangafafanize zaka makumi atatu, ndiye sakufuna kukunyengererani nawo. Atatero anandiuza kuti ndawacheka pachibwano, ndipo digiri yanga sinandithandize.

Choncho kalatayi sakuidziwa. Wakuba nkhaniyi ndine, mudzakalipire ine.

Mtsinjewo ndiukonza, ntchito ndi ntchito. Bambo avomera, angopempha kuti mzere wakalewo ndiufufute iwo akuona, pa mapu aakulu a m'chipinda mwawo. Ndawauza kuti ndatanganidwa mpaka kumapeto kwa mwezi. Ndanama, m'banja muno zikuoneka kuti n'zakumtundu. Ndikufuna muuone mzerewo usanachoke.

Sindikunena kuti muwakhululukire. Bwerani mudzangoima pambali pa bedi, muyang'ane pakhoma. Pa mapu onsewo, mzere umenewo ndi malo okhawo osonyeza Bambo ali kunyumba.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi adzukulu a Bambo. Mulungu akusungeni panjira. Simungasochere, mbali yakunoyi anajambula zoona.

Ine mlongo wanu,
Wamakani uja