Amene Anagumula Mpanda

Kalingalinga,
Lusaka.

Achimwene a Edmond,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi alamu anga amake Ufulu. Muli bwanji ku Katete uko? Bondo lija linasiya kutupa? Ndamva kuti mvula yagwa bwino kumeneko, ndiye ndikhulupirira kuti mwabzala kale. Ife kuno matupi alipo. Mwana wanga Tamara wamaliza mayeso ake, ndipo shuga ya Amayi siinakwere. Zina zonse sizili bwino.

Kalatayi ndapatsira ba Elesi, amene akubwera kwawo kudzalima. Foni yanu ndakhala ndikuimba, imalira koma simuyankha. Sindikukudandaulani, chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndiponso mukanayankha sindikanalankhula momasuka, m'nyumba muno munthu sungatsokomole Amayi osamva.

Mwamva nkhaniyi kuchokera mbali imodzi. Lolani kuti nanenso ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga.

Mukanabwera lero simukanaizindikira komboni yathu. Kuseri kwa nyumba, kumene kunali nyumba ya ba Nsama ndi bwalo lija munkaseweramo mpira, kunabwera anthu ogula malo. Anagula nyumba imodziimodzi mpaka mzere wonse unatha. Ba Nsama anasamukira ku Chazanga. Panopa pali mafulati ataliatali osanjikizana, aliyense amagula yakeyake, ndipo akuti tauni yafika ku Kalingalinga. Dzuwa limafika pakhomo pathu nthawi itapita kale. Eni nyumba ozungulira anakweza lendi, anthu ambiri anathawira ku Kanyama, ndipo kantemba kanga, kagolosale kaja, kamangokhala duu. A m'mafulati sagula tomato kwa ife, amangotuluka pa geti ndi galimoto magalasi otseka.

Sindinama, ena anapezapo ntchito. Mwamuna wanga, ba Kunda, anamulemba ulonda. Mwango, mwana wamkazi wa ba Chansa, mayi a ku tchalitchi kwathu, anamulemba yosesa ndi kutaya zinyalala. Koma mng'ono wanu Nigel anataya yake. Shedi yake yowotcherera mageti inali m'mbali mwa msewu, pamene anafuna kuika khomo lolowera magalimoto. Inachotsedwa, ndipo kuyambira pamenepo Nigel sanapezenso malo.

Mukukumbukira ngalande ija inkadutsa kuseri kwa chimbudzi chathu, kutenga madzi onse a kumtunda kupita nawo kumsewu? Omanga anathira miyala kukweza malo awo, n'kumanga mpanda wa mabuloko pamwamba pa ngalandeyo. Anangosiya kapaipi kochepa ngati dzanja langa. Chaka chatha madzi analowa m'nyumba mpaka m'akakolo. Azibambo anapita kwa manijala wa mafulati, iye anawalandira bwino, nati ngalande yatsopano ili m'pulani, idzakumbidwa. Chilimwe chonse chatha, palibe anabwera ndi khasu.

Mitambo itayamba kusonkhana mwezi watha, pakhomo pano panalibe mtendere. Nigel ndi ba Kunda ankadya m'mbale imodzi osayang'anana. Kunja anthu ankaitana mwamuna wanga galu wa m'mafulati, iye n'kumangodutsa ngati sanamve. Tsiku lina tikudya, Nigel anaika dzanja pansi, nati, “Mulamu, siku tizabwera pa mpanda, imwe muyang'ane kwina.” Ba Kunda anati, “Nigel, ine nili pa nchito. Osanichita so.” Amayi anangoti idyani, chakudya chikuzizira.

Mvula yaikulu inagwa Lachinayi lina masana. Achimwene, mvula ngati imeneyo sindinaionepo. Madzi anafika pa mpanda uja n'kubwerera kwa ife. Zimbudzi za mzere wonse zinasefukira, zonse za m'menemo zinalowa m'nyumba. Ndinakweza Amayi pa tebulo, madzi ali m'mawondo mwanga, mankhwala awo akuyandama pamodzi ndi nsapato. Kwa aneba ndinkamva ana akulira. Nigel anafika, anabereka Amayi kumbuyo n'kupita nawo ku tchalitchi kumene kuli kokwera. Zimenezi ndikuzinena dala, kuti mudziwe kuti sindinaiwale zabwino zake.

Atabwerako analowa m'chipinda chake n'kutuluka ndi hamala yaikulu ya ku shedi yake. Ndinamugwira malaya. Anati, “Sisi, nisiyeni, mufuna tifere muno?” Malaya anang'ambika m'manja mwanga. Panja panali amuna ena akumudikira, onse atavala mapepala apulasitiki kumutu chifukwa cha mvula. Ndinawatsatira mpaka pa kona ya nyumba ya ba Chansa.

Ba Kunda anawaona ali pa geti, anathamanga kuzungulira kunja n'kukaima pakati pa iwo ndi mpanda. M'manja anali ndi kawailesi koitanira anzake. Ndinaona akuwapempha, akuloza mpanda, akugwira Nigel paphewa. Kawailesi kaja anakakweza kufika pakamwa, kenako anakatsitsa. Sanaitane. Wina anamukankhira pambali, anagwa m'madzi. Amene anayamba kumenya mpanda ndi Nigel.

Iwo ankafuna kungoboola kuti madzi adutse, zimenezo ndikhulupirira. Koma mabuloko anali atamwa madzi. Atamenya kangapo, mpanda wonse wa mbali imeneyo unagwera mkati nthawi imodzi, madzi akuukankha. M'nyumba zathu madzi anayamba kutsika pomwepo. Anthu anakuwa ndi chimwemwe.

Kenako tinamva kukuwa kwina.

Mwango anali atabisala mvula pansi pa kadenga ka magalimoto, kuseri kwa mpanda womwewo. Palibe amene anadziwa. Mabuloko anamugwera m'miyendo. Ba Kunda anayamba kufukula ndi manja, ndipo Nigel anataya hamala n'kuthandiza. Anachotsa mabuloko mpaka pamene anaona mwendo wa mtsikanayo. Anaima, anandiyang'ana, kenako anathamanga. Sindinamuonenso.

Mwango ali m'chipatala. Mwendo wakumanzere anaudula pansi pa bondo. Ndi mtsikana amene ankadyetsa mayi ake ndi ang'ono ake onse.

Madzulo omwewo apolisi anabwera kudzatenga ba Kunda, zala zikadali magazi. Mafulati ali ndi makamera. Pa chithunzi akuoneka amuna obisa mitu, ndipo nkhope imene ikuoneka bwino ndi imodzi yokha, ya mwamuna wanga, akulankhula nawo, kawailesi m'manja, osaitana. Manijala akuti anapangana nawo. Apolisi anamuuza kuti akatchula maina adzakhala mboni, akakana mlandu wa mpanda, wa magalimoto ndi wa mwendo wa Mwango udzakhala wake. Iye anati mvula inkamulowa m'maso, sanazindikire munthu. Mpaka lero akunena zomwezo.

Mukudziwa kuti ba Kunda ali ndi mphumu. Kumene akumusunga amagona pa simenti, anthu ali thithithi. Masiku angapo apitawo nditapita ndi chakudya, anabwera akugwira khoma. Milomo yake yachita mbuu, ndipo akamapuma chifuwa chimalira ngati chitseko chakale. Kamankhwala kopopera m'kamwa ndinamupatsa katsopano, akuti sikakuthandizanso ngati kale.

Ndinamupempha kuti anene. Anakana. Anati pamene anachoka ku Kitwe analibe ngakhale bulangeti, Amayi ndiwo anamupatsa chipinda pakhomo pawo n'kumamutcha mwana wawo, ndiye iye sangakapereke mwana wawo weniweni. Anati nditaye mtima woterowo, ndipo ndisayerekeze kukanena ine. Ndinamufunsa kuti nanga Tamara? Chifuwa chinamugwira, anayamba kutsokomola.

Nditabwerera kunyumba ndinagwada pamaso pa Amayi. Ndinawauza zonse za chifuwa, za milomo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati ba Kunda alibe mlandu, khoti lidzaona lokha n'kumumasula, koma Nigel akangolowa sadzatuluka iwo ali moyo. Ndinafunsa kuti nanga akafa khoti lisanaone? Anapotokola nsonga ya chitenje. Ndiye anati, “Felistus, mwamuna ungapeze wina. Mlongo sungampeze.”

Achimwene, amenewo ndi mayi athu. Ndimawaphikira, ndimawabaya jekeseni yawo m'mawa uliwonse, ndimawasambitsa mapazi. Koma kuyambira pamenepo sitinalankhulane. Ndikudziwa kuti ananena chifukwa cha mantha, ndimawamva akulira m'chipinda. Kudziwa zimenezo sikunachotse mawuwo m'makutu mwanga.

Ndi kwa iwonso kumene ndinadziwira kuti Nigel ali kwanu. Ndinawamva akunong'ona pa foni, akukufunsani ngati akudya.

Kuno komboni yonse ikudziwa amene anagwira hamala, koma palibe akunena. A mafulati amanganso mpanda, wautali kuposa woyamba, waya wamagetsi pamwamba. Ndipo ngalande ija tsopano aikumba, yaikulu, ya konkire. Mvula yagwanso kawiri, m'nyumba simunalowe dontho. Ndiye anthu akuti Nigel ndi mwamuna, anapulumutsa komboni. Akamadutsa pa kantemba amandiuza kuti ndilimbe mtima, ba Kunda ndi munthu wabwino. Omwe aja ankamutcha galu.

Mmodzi wa amene anali ndi Nigel pa mpanda anabwera kudzagula fodya. Akulandira chenji anati, “Ba sisi, kantemba aka ni ka mapulanga, ka? Vinthu va mapulanga vimapya msanga.” Anaseka n'kumapita. Dzina lake sindilemba pano. Tamara ndamuletsa kuyenda yekha.

Koma amene ndikumuopa kwambiri si ameneyo. Ndi ba Chansa. Akachoka kuchipatala amabwera kudzakhala pa benchi ya kantemba, sagula kanthu. Nawonso anthu akuwabisira. Tsiku lina anandigwira dzanja, nati iwo safuna kubwezera munthu, angofuna kudziwa amene anachita, chifukwa Mwango amawafunsa ndipo alibe chomuyankha. Anati, “Iwe unaliko, Felistus. Ni ndani?” Ndinawauza kuti mvula inali yambiri. Mayi amene timaimba naye kwaya imodzi, ndinamuyang'ana m'maso n'kunena zimenezo. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kundigwira dzanja.

Tsopano pempho langa ndi ili. Inu ndinu wamkulu, Atate atamwalira mawu anatsala ndi inu, ndipo Nigel amakumverani kuposa wina aliyense. Bwerani naye. Musamutumize yekha pa basi, angatsikire panjira. Bwerani naye inu, mulowe naye ku polisi, muime pambali pake. Akulu a mpingo andipezera loya wa aja othandiza anthu osauka. Akuti munthu wobwera yekha, wofotokoza kuti madzi a m'chimbudzi anali m'nyumba ndipo sanadziwe kuti kuseri kuli munthu, khoti limamumva mosiyana ndi wogwidwa akuthawa. Sanalonjeze kuti samangidwa. Inenso sindikulonjezani. Ndikhoza kukaima m'khoti kunena kuti ndinamuona akubereka Amayi m'madzi, ndinamuona akufukula mabuloko. Zimenezo ndi zoona ndipo ndidzazinena mokweza.

Mlandu wa ba Kunda ukulowa Lolemba la sabata yamawa. Chifuwa chake sindikudziwa ngati chidikira mpaka pamenepo.

Ndikuuzeni poyera, achimwene, kuti musadzati ndinakuchitani chiwembu. Lolembalo likafika Nigel asanabwere, ndidzapita ndekha kukanena zimene ndinaona. Amayi adzanditemberera, ba Kunda mwina sadzandikhululukira, kantemba mwina adzakatentha. Ndaziganizira zonsezi ndipo ndidzapitabe. Ndisanapite ku polisi ndidzayamba ndadutsa kwa ba Chansa.

Kalatayi mumuwerengere Nigel yonse, musadumphe za mwendo wa Mwango. Mumuuze kuti mlamu wake sanamutchule ngakhale kamodzi. Mumuuze kuti sindikufuna kuti dzina lake lituluke m'kamwa mwanga, ndikufuna lituluke m'kamwa mwake, ndipo nthawi yoti atero ikadalipo.

Mulungu akusungeni inu ndi a pakhomo panu, akupatseni nzeru pa nkhani imeneyi, pakuti ine zanga zatha. Mundiperekere moni kwa amake Ufulu, muwathokoze chifukwa chosunga mlendo amene sanamuitane. Moni kwa Ufulu ndi ang'ono ake, ndi kwa azakhali ngati mungawaone.

Nigel nayenso mumupatse moni wanga. Mumupatsedi. Akabwera ndidzakamuchingamira pa siteshoni, ndipo adzayamba wadya tisanapite.

Ndine mlongo wanu,
Felistus