Alamu Anu Anyamuka Lachisanu

Thambani,
Mwanza.
9 Ogasiti, 1993.

Okondedwa achimwene a Malcolm,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi mmene tinaphunzirira kuyamba kalata, koma dziwani kuti ndakwiya nanu kwambiri. Kuno tili bwino. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, mtedza tapeza wochepa, mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri. Za pakhomo ndi zimenezo. Tsopano mumve zanga.

Mukukumbukira tsiku limene munabwera kuno ndi nkhani ya sukulu ya amuna anga? Munakhala pakhonde, nsapato mutavula, n'kunena kuti bungwe limene mumagwirako ntchito ku Blantyre likufuna anyamata othawa nkhondo amene sukulu inkawayendera bwino, akachite digiri ya zamalonda ndi makompyuta ku Portugal, zaka zinayi. Munati, “Alamu, mutu wanuwu si woti uthere pa kugawa ufa ndi nyemba kukampu.” A Lourenco anaimirira n'kukugwirani chanza ndi manja awiri, misozi ili lengelenge. Ine ndinakupherani tambala. Mumtima ndinkati achimwene aja anakana kubwera paukwati wathu lero asintha. Uchitsiru wanga!

Loweruka lijali tinali pamsika, a Lourenco akugula parafini. Msuweni wathu Kinsley, atakhuta kachasu, anawaimitsa pakati pa anthu. “Bwana wa ku Ulaya! Mukudziwa chimene a Malcolm akukuvutikirani chonchi? Anatiuza okha pamaliro a malume. Anati Mpwitikizi ameneyu ndi ndodo sangachoke, koma tikamukweza ndege sabweranso, ndiye Liness akwatiwa ndi munthu wa kwathu konkuno.” Anthu anaseka, achimwene. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Amuna anga analipira parafini wawo, n'kuthokoza wogulitsayo, n'kuyenda osacheuka.

Musandiyankhe kuti ndi zakumowa. Ndinafunsa amayi ngati mawu amenewa anawamva. Anangowerama n'kumasankha nyemba zimene anali atasankha kale.

Anakulakwirani chiyani munthu ameneyu? Anafika kuno ndi malaya amodzi, bambo ake atawaphera pamaso pake, sukulu ataisiyira panjira ku Tete. Sanapemphe kanthu pakhomo pathu. Amayi atathyoka mwendo, ndi iyeyu anawakankha panjinga, phiri lonse lija, mpaka kuchipatala, inu muli ku tauni kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Denga la nyumba imene mumagonamo mukabwera kuno anafolera ndi iye. Mukudana naye chifukwa Chichewa chake chimapindika? Nanga agogo athu aakazi sanabadwire tsidya lomwelo, kuseri kwa phirili?

Tsiku la pamsika lija a Lourenco sanadye. M'mawa mwake ndikusesa pabwalo anati, “Liness, sindipita. Ndikhala pompano, alamu andione tsiku ndi tsiku mpaka atope.”

Ndinati, “Mukhala mukudya chiyani? Kunyada? Malole ayamba kale kubweza anthu kwanu, kampu ikutsekedwa, ntchito yanu ikutha. Kumudzi kwanu mwanena nokha kuti minda ili ndi mabomba okwirira.”

“Ndiotcha makala. Anzanga akuotcha.”

“Anzanuwo anaitanidwa ku sukulu?”

Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Kodi nanunso mukufuna ndichoke?”

Mawu amenewo ndi amene sindidzakukhululukirani msanga, achimwene. Mwalowetsa njoka m'nyumba mwanga. Munthu amene sanandikayikirepo anandiyang'ana ngati ndinali nanu pa upo umenewu. Ndinaponya tsache pansi, ndinalira, ndinakuwa mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba zawo. Ndinati, “Mukakana, a Malcolm akulandani sukulu. Mukapita osabwera, andilanda mwamuna. Pitani mukabwere, muwatseke pakamwa.”

Kompyutayo ine sindinaionepo. Akuti ili ngati taipi yokhala ndi galasi. A Lourenco anaiona mu ofesi ina kuboma, ndipo mlungu wonse nkhani inali yomweyo, mpaka ndinatopa nayo. Amati msewu wa ku Tete tsopano watseguka, malole a katundu adzachuluka pachipata cha m'malire, ndipo munthu wodziwa zamalonda, Chipwitikizi, Chingerezi ndi makina amenewa sadzasowa chochita, kaya tsidya lino kaya tsidya linalo. Akamanena zimenezi nkhope yawo imawala monga inkawalira, ndikhulupirira, nkhondo isanabwere. Ine ndikhale munthu wozimitsa zimenezo chifukwa cha pakamwa panu?

Tinakhala masiku angapo tikungopatsana moni ngati alendo. Dzulo, tikuchokera kutchalitchi, anaima panjira n'kunena kuti, “Chabwino, ndipita. Koma osati chifukwa cha alamu.” Ndinati, “Ndamva.”

Musaganize kuti sindikuopa. Ndikuopa kwambiri. Zaka zinayi si kupita kuchigayo. Kumeneko akapeza akazi ophunzira, olankhula chiyankhulo chawo chakusukulu, pamene ine ndinalekeza Fomu 2. Ndipo ndikudziwa kumene nzeru yanuyi munaitenga. Bambo athu anapita ku Joni kuti akakhale zaka ziwiri, mpaka lero sitidziwa ngakhale manda awo. Inu munaona amayi akudikira basi iliyonse, munaona mmene anaumira, ndiye mwakhala pansi n'kukonza kuti mlongo wanu alawe zomwezo. Chikhala mlendo wandichita chonchi ndikanamvetsa. Koma inu, amene munkandibereka kumbuyo amayi ali kumunda!

A Lourenco anyamuka Lachisanu pa basi ya m'mawa. Kwanu sagona, musawakonzere mphasa. Akafikira kwa mnzawo Gervasio ku Ndirande, ndipo adzabwera ku ofesi kwanu kudzatenga tikiti ya ndege basi. Ndikukupemphani chinthu chimodzi pamenepo: muimirire, muwapatse moni ngati munthu. Musapepese ngati mtima wanu sunapepese, amazindikira msanga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sarah ndi ana onse. Muwauze a Sarah kuti nsalu zakale zimene analera nazo mwana wanu Tiyese asataye, andisungire. Ndili ndi pakati, achimwene, mwezi wachitatu uno. Amayi sakudziwa. A Lourenco sakudziwanso, chifukwa akangomva, ndege imeneyo sakwera, ndipo ine ndidzawalembera akakafika. Ndauza inu nokha, inu amene ndakwiya nanu kuposa munthu wina aliyense, chifukwa mwini mbumba ndinu ndipo ndilibe mchimwene wina. Lachisanu mukamawapatsa tikitiyo, pakamwa panu pasatseguke ngati mmene panatsegukira pamaliro paja. Muwayang'ane m'maso, mukudziwa kuti munthu amene mukumukweza ndegeyo ndi bambo wa mwana amene adzakuitanani kuti malume.

Ndine mlongo wanu,
Liness, mkazi wa a Lourenco.