Jekete ya Esau Isatuluke m'Sutikesi

Mgona, Lilongwe
Lolemba, 17 Febuluwale

Okondedwa mlongo wanga a Feliya,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Chisemphere, inu, alamu anga ndi ana onse? Ndinamva kuti mwendo wanu uja unayambanso kutupa nthawi yopalira. Ngati sunaphwe, pitani kuchipatala, musadikire kuti ntchito ya fodya ithe. Ntchito ya fodya siitha. Mundiuzenso ngati matalala aja anakusiyirani tsamba, ndiponso ngati njovu za ku paki zakhala kwawo chaka chino.

Kuno Mulungu akutisunga. Maso anga ndiwo akuchepa mphamvu, ndiye mukaona zilembo zikukwera phiri musadabwe. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo chipinda chimene mwana wanga Tithokoze anandipatsa chikudontha pakona. Ndaikapo beseni. Mwanayu amandisamala bwino, koma wandiletsa mchere, akuti ndi lamulo la adokotala. Ndimadya momvera.

Ndasankha kulemba, osati kuimba foni, chifukwa nkhani iyi ndi yofuna kukhala pansi. Pa foni munthu amakuwa, ndipo wodutsa m'njira amamva zonse. Muiwerenge nokha, kenako muiwerengenso.

Kuno kuli anthu amene akufuna kupanga kanema wa moyo wa malemu m'bale wathu Esau, kuyambira ubwana wake mpaka imfa, chifukwa cha mabuku ake aja onena za matenanti. Wowatsogolera ndi mayi wina wachitsikana, dzina lake Tawonga. Anabwera naye kunyumba ndi Chikhumbo, mwana wa malemu, amene anali atavomera kale zonse asanafunse aliyense wa ife. Ndinamufunsa ngati atate ake anamusiyira mtundu wopanda akulu.

Mayiyo ndi waulemu, anagwada popereka moni. Anati kumaiko a kunja makanema a moyo wa alembi otchuka ndi ambiri, koma kwathu kuno mlembi akamwalira amangotsala dzina pachikuto. Anandionetsa mmodzi pa kompyuta yake. Ndinaona mzungu atakhala yekha pawindo, akulemba, kung'amba pepala, kulembanso, kenako kumwa mowa. Chingerezi chake sindinachimve, koma ndinaona kuti panalibe womuphikira ngakhale womuchapira. Ndinafunsa ngati munthuyo analibe abale. Tawonga anaseka, nati analipo, koma kanema sangatenge zonse, amasankha.

Mawu amenewo ndakhala nawo. Kusankha ndimakudziwa. Ndasankha fodya zaka zambiri, tsamba lofiira apa, loyera apo, long'ambika pansi pa tebulo. Koma fodya salankhula, ndipo alibe mkazi. Moyo wa munthu akausankha chomwecho, amene amagwera pansi pa tebulo ndi anthu amoyo. Esau sankalemba pawindo. Ankalemba m'chigafa masana, atakhala pa belo, ife tikusoka fodya, ndipo gawo lake la ntchito tinkagwira ndife. Inu mukudziwa, zala zanu zinali pomwepo. Dzanja lakenso linali losawerengeka, ndipo amene ankakopera zonse kuti zipite kwa osindikiza ndi mkazi wake, alamu athu a Lefina. Ndinauza Tawonga zimenezi. Anali asanazimvepo, ndipo anazilemba.

Sindikudandaula. Mabukuwo sindinawerenge ndekha, sukulu yanga inathera Sitandade 3, koma Tithokoze anandiwerengera buku limodzi, ndipo zimene m'bale wathu analemba ndi zoona. Kanemayo sindikumukana. Munthu anagwira ntchito yake, adziwike.

Sabata yatha ananditenga kukaona kumene akukonzekera, mu holo ina ya tchalitchi. Amene akhale Esau ndi mnyamata wa ku Rumphi, Gomezgani. Amanditchula kuti adada. Nkhope sikufanana kwenikweni, mphuno yake ndi yaitali. Anandifunsa kuti malemu ankaseka bwanji, ndipo ndinamuuza kuti ine si wa zisudzo. Tithokoze anamunong'oneza kuti ine ndi Esau tinkaseka mofanana, ndiye mnyamatayo anataya nthawi yaitali akuyesa kundiseketsa. Sanaphule kanthu. Inenso ndilimo m'kanemamo. Woti akhale ine andipezera bambo wina wonenepa, wa mimba ngati mwini esiteti. Ndinati tenanti wotere sindinamuonepo, koma ndinawasiya.

Kenako anayamba sewero lawo. Gomezgani anatulukira pakhomo manja ali kumbuyo, phewa lakumanja litagwa pang'ono, nakhosomola asanalankhule, monga ankachitira mwini wake. Akuti anaphunzira pa zimene ana ankajambula pa foni malemu ali moyo. A Feliya, ndinaona Esau. Ndinatuluka panja kukaona ngati mvula ikubwera. Ndinakhalako nthawi ndithu.

Ine ndinaponya nawo dothi m'manda mwake, ndipo ndinalowa mu holoyo ndikudziwa kuti ndi sewero. Nanga a Lefina, amene akugonabe m'nyumba imene mwamuna wawo anatsirizikiramo?

Anthuwa akufuna kubwera kumudzi mwezi wamawa, fodya adakali m'zigafa. Akuti akachedwa adzapeza zigafa zopanda kanthu, ndipo amene akuwathandiza ndi ndalama sangadikire chaka china. Pamenepo ndinawamvetsa. Koma anapemphanso chinthu china, jekete yakuda ya malemu ija, imene ili pa chithunzi cha kumbuyo kwa mabuku ake onse. Akufuna Gomezgani aivale. Chikhumbo anali atawalonjeza kale kuti akaitenga kwa amayi ake.

Ndinakana. Ndinawauza kuti Esau anatisiya mu Juni, chaka sichinathe. Chiliza sitinamangebe, mkazi wake sitinamusudzulebe, ndipo zovala zake zili m'sutikesi imene ndinamanga ndekha ndi chingwe pamaso pa mbumba yonse. Imeneyo idzatsegulidwa tsiku losudzula, fodya atagulitsidwa, abale a mbali zonse ziwiri atakhala pansi, ndipo jekete idzapita kwa amene adzapatsidwe. Mpaka tsiku limenelo a Lefina akadali mkazi wa Esau. Munthu wachilendo sangavale chovala cha mwamuna wawo n'kumayenda nacho pabwalo pawo, iwo akuona. Chikhumbo anati zimenezo ndi zachikale, ife ndife Akhristu. Ndinamukumbutsa kuti atate ake anali mkulu wa mpingo, koma pa maliro a amayi athu ndi iwo amene anamanga chingwe pa bokosi la zovala.

Tawonga sanakangane nane. Anangoti jekete ya pa kaunjika sidzafanana, chifukwa aliyense amene anagwirapo buku la Esau amaidziwa ija, ya makolala aakulu ndi matumba opendekeka. Anandifunsa ngati pali njira ina. Ndinamuuza kuti ndikaganize kaye.

Mukukumbukira chaka chimene ine ndi Esau tinali matenanti pa esiteti ija ya kwa Mwase. Titalandira koyamba tinayenda pansi mpaka pa Boma, tinagula nsalu imodzi, ndipo telala wa pakhonde anatisokera majekete awiri ofanana. Kutchalitchi ankatitcha mapasa a telala, ndipo amene anayambitsa dzinalo ndi a Lefina, asanakwatiwe n'komwe. Esau yake ankaisunga, ankaivala pokajambulitsa ndi pa misonkhano basi. Ine yanga ndinkapita nayo paliponse. Inakodwa pa msomali m'chigafa, inang'ambika pa chigongono chakumanzere, ndipo malemu mayi a Tithokoze anaikapo chigamba cha khaki poti nsalu yakuda analibe. Ndili nayo mpaka lero. Nsalu za nthawi ija sizinali zamasewera.

Dzulo ndinaitenga n'kukaipereka kwa Gomezgani. Yamukwana. Anailandira ndi manja awiri. Tawonga anayang'ana chigambacho, nati achichotsa aikepo chakuda. Ndinati chigamba chikachoka, jekete ibwerera nane kunyumba. Anafunsa chifukwa chake. Ndinati anasoka ndi mkazi wanga, ndipo chifukwa chinacho si cha kanema. Anakambirana ndi mwini kamera, nagwirizana kuti azijambulira mbali yakumanja.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani nokha kwa a Lefina. Musatume mwana, ndipo musadikire kuti amve kwa Chikhumbo pa foni. Mukhale nawo pansi, muwauze zonse monga ndalemberamu. Muwatsimikizire kuti sutikesi palibe amene aikhudze. Kenako muwafunse ngati alola kuti anthuwa ajambule pakhomo pawo ndi m'chigafa chakale chija. Akakana mundiuze msanga, ndiwatumiza kwina, zigafa ku Kasungu sizisowa. Mawu omaliza ndi awo, osati a Chikhumbo, osati anga. Akalola koma n'kufuna kuchokapo masiku amenewo, akakhale kwanu. Mlendo ndi mame, anthuwa sakhalitsa.

Koma alamu athuwo ndimawadziwa. Akalola, sadzachoka. Adzakhala pakhonde pawo akusoka fodya monga masiku onse, ndipo mnyamatayo adzatulukira kuseri kwa chigafa manja ali kumbuyo, nakhosomola. Muwauziretu kuti nthawi imeneyo asayang'ane nkhope, asayang'ane mayendedwe. Ayang'ane chigongono chakumanzere. Akaona chigamba cha khaki adzadziwa kuti jeketeyo ndi ya Lemani, mmodzi wa mapasa a telala amene adakali moyo, ndipo ya mwamuna wawo ili m'nyumba momwe tinaisiya. Inu mukhale pafupi nawo, ndipo muwaikire mphasa mbali imene chigambacho chionekere.

Ine ndidzabwera fodya akatha kugulitsidwa, tidzamange chiliza, tidzamasule chingwe, alamu athu apume. Pakadali pano kutchalitchi ndikupita ndi juzi ya mkamwini wanga. Ndi yofiira. Zimenezi musauze anthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga amuna anu, kwa amalume athu ngati akumvabe, kwa adzukulu anga onse ndi kwa akulu a mpingo. A Lefina muwapatse moni wanga mukatha kuwauza zonse, osati poyamba. Tithokoze ndi mwamuna wake akupereka moni.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Lemani